Kadamsana wa mwezi ku Tromsø, bwanji zithunzi zathu zikusiyana ndi za kumudzi?

NaPhiri_Tromso
Abale ndithandizeni. Ndili ku Tromsø kumpoto kwenikweni kwa Norway, chaka chachiwiri tsopano. Loweruka pa 28 October 2023 ndinakwera ku Prestvannet, kanyanja kali pamwamba pa chilumba chathuchi, kukaona kadamsana wa mwezi. Kuzizira kwake zala kuchita kuuma mu magulovesi koma ndinapirira mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, mwezi unadyeka pang'ono chabe cha kumunsi ngati munthu waluma chigumu kamodzi nkusiya. Ndinajambula nkuponya pa gulupu yakwathu ya WhatsApp, nthawi yomweyo mng'ono wanga ku Area 25 naye kuponya chake, koma iye podyekapo pali kumwamba! Amayi mpaka kufunsa kuti kodi kumeneko muli ndi mwezi wanuwanu? Ine ndasowa chowayankha ndipo zikundivutitsa mumtima chifukwa usiku umenewo ndinkamva ngati tili pakhonde limodzi.

Mphunzitsi_Kasungu
Chemwali musadandaule, mwezi ndi umodzi womwewo ndipo munauonadi nthawi imodzi. Kadamsana wa mwezi amachitika dziko lathuli likakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndiye chithunzithunzi cha dziko chimagwera pa mweziwo, aliyense amene kwawo mwezi watuluka amaona limodzi. Tsiku limenelo mthunzi weniweni unayamba 21:35, unafika pachimake 22:14 nkutha 22:53, ndipo mwamwayi wotchi ya Norway ndi ya Malawi zinali zofanana chifukwa inu munali musanabweze mawotchi m'mbuyo monga muchitira kumeneko nyengo yozizira ikamayamba, munabweza m'mawa mwake pa 29. Mbali yomwe inalowa mumthunzi ndi ya kummwera kwa mwezi. Inu muli pafupi madigiri 70 kumpoto, mumayang'ana mwezi mutapenya chakummwera ndiye mbali imeneyo imakhala pansi. Ife ku Lilongwe tili kummwera kwa equator, tinkauona titapenya chakumpoto, mbali yomweyo nkukhala kumwamba. Ikani mbale pakati pa mphasa, wina akhale uku wina uko, mukaifotokoza simungagwirizane kuti kutsogolo kwake ndi kuti. Amayi awonetseni choncho amva.

Bambo_a_Tadala
Ine ndinaonera ku Chilomoni ndi ana, magetsi kunalibe ndiye kumwamba kunali mbee. Kunena zoona poyamba ndinakhumudwa, ndimayembekezera mwezi wofiira ngati wa July 2018 uja, koma uwu unangoda kansonga basi. Chinandisangalatsa ndi nyenyezi yowala kwambiri inali pafupi ndi mwezi ija, mwana wanga wa Form 3 ndi amene anandiuza kuti ndi Jupiter. Kumeneko inaonekanso? Komanso agogo awo anawo anawaletsa kuyang'ana ati achita khungu, akukumbukirabe kadamsana wa dzuwa wa 2001 pomwe wailesi inkachenjeza tsiku lonse.

Mphunzitsi_Kasungu
Bambo a Tadala agogo auzeni kuti wa mwezi alibe vuto, ana ayang'ane ndi maso okha kapena mabainokyula. Wa dzuwa ndiye woopsa, umafuna magalasi ake. Kufiira kuja kumaoneka bwino mwezi wonse kapena pafupifupi wonse ukalowa mumthunzi, ulendo uno mbali yowalayo inali yaikulu kwambiri.

NaPhiri_Tromso
Zikomo aphunzitsi, ndatembenuza foni chadodolido chithunzi changa chafanana ndithu ndi cha mng'ono wanga, mpaka misozi kulengeza. Eee Jupiter inalipo achimwene, pambali pake pomwepo. Kuno kuyambira kumapeto kwa November mpaka pakati pa January dzuwa silituluka nkomwe, ndiye mwezi ukakhala wathunthu umangozungulira kumwamba osalowa, ngakhale 12 koloko masana ulipo ukuwalira pa chipale chofewa. Chaka chatha ndi umene unkandisangalatsa ndikaweruka kuntchito kuli mdima. Amayi ndiwaimbira mawa akabwera kudimba, mbale ndi mphasa ndamuuza kale mng'ono wanga akonzeretu.