Wodwala shuga wasiya nsima, tsopano shuga akugwa: tichepetse chiyani?

Namwino, kiliniki ya NCD (matenda osapatsirana):
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Bambo a zaka 62, shuga wa mtundu wachiwiri, amamwa metformin 1 g kawiri pa tsiku ndi glibenclamide 10 mg m'mawa. Sabata ziwiri zapitazo anasiyiratu nsima, mpunga ndi mbatata, akungodya masamba, mazira ndi usipa kuti mimba iphwe. Lero cha m'ma 11 koloko abwera akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, glucometer (kachipangizo koyezera shuga) yaonetsa 52 mg/dL, shuga wotsika kwambiri. Tawamwetsa madzi a shuga, atsitsimuka. Ndiwabwezere ku nsima?

Clinical officer:
Asisi, wolakwa apa ndi glibenclamide. Amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Chakudya chachepa koma insulin ikutuluka monga kale, ndiye shuga angogwa. Metformin payekha sagwetsa shuga chonchi, chifukwa iye makamaka amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri. Imitsani glibenclamide lero, metformin apitirize. Musawatulutse msanga: mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, shuga atha kugwanso usiku. Yezani shuga maola awiri alionse, ndipo tumizani magazi akayezedwe creatinine kuti tione mmene impso zikugwirira ntchito. Impso zikakhala zofooka, glibenclamide asabwererenso, ndipo mlingo wa metformin uunikidwenso.

Katswiri wa zakudya:
Maganizo awo ochepetsa zakudya zokhutitsa ndi abwino, musawakalipire. Cholakwika n'kusiyiratu mwadzidzidzi mankhwala asanasinthidwe. Theka la mbale likhale masamba, kota ndiwo monga nyemba, nandolo, usipa kapena mazira, kota inayo mtanda umodzi wa nsima wosaposa nkhonya yawo. Muwauzenso za mgaiwa, chifukwa ambiri amati ulibe shuga n'kumadya mitanda itatu. Uli ndi gaga wochedwetsako shuga kulowa m'magazi, koma sitachi ilimo pafupifupi ngati mu ufa woyera. Zoyenera kusiyiratu ndi thobwa, Sobo, Fanta ndi shuga wa mu tiyi.

Namwino, kiliniki ya NCD:
Zikomo. Chiuno chawo ndi masentimita 104, khungu la kuseri kwa khosi lada ngati sanasambe. Tiyembekezere chiyani tikaimitsa glibenclamide?

Clinical officer:
Khosi lakudalo pamodzi ndi mimbayo zikusonyeza kuti thupi silikumvera insulin, ndiye kuwonjezera insulin ina sikuchiza gwero lake. Kwa bambo, chiuno chizikhala pansi pa 94. Aziyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Abwere pakatha sabata asanadye kanthu. Shuga akakhala pakati pa 80 ndi 130 mg/dL, metformin akukwanira. Akapitirira 130 pamaulendo awiri otsatizana ndipo impso zili bwino, yambiraninso glibenclamide pa 2.5 mg, theka la piritsi, pamodzi ndi chakudya cham'mawa.

Katswiri wa zakudya:
Mayi akunyumba nawo aphunzitsidwe. Bambo akayamba kunjenjemera, masipuni aang'ono anayi a shuga m'theka la kapu ya madzi, pakatha mphindi 15 adye chakudya. Akakomoka asawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Awagoneke chammbali n'kuthamangira nawo kuchipatala.