Achimwene anawasiya pa Mtukula Pakhomo ati ndi amphamvu, tidandaule bwanji?

Wobisa dzina:
Abale m'gulu muno ndigawireni nzeru. Ine ndimakhala ku Limbe koma kwathu ndi kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga. Achimwene anga a zaka 47 anadwala sitiroko mu 2022. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa. Munthu amene ankapalasa bwato tsiku lonse lero ngakhale khasu sagwira. Pakhomo pali iwo, alamu ndi ana atatu, ndipo onsewa akudya thukuta la alamu, ganyu wa m'madimba.

Tsiku la kalembera wa Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, anawapeza atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa nimu, atasamba, atavala malaya a kutchalitchi. Alamu ndi aukhondo, ndiye ukhondowo ndi umene unatipweteka. Palibe anawauza kuti taimani tione. Analembedwa kuti ndi amphamvu, mayina atatuluka lathu mulibe. Alamu atapita kukafunsa anauzidwa kuti abweretse umboni wa kuchipatala. Umboni wake uti? Buku lakale, lomwe munali zonse za nthawi imene anagonekedwa, linapita ndi madzi a Freddy mu Malichi 2023 pamodzi ndi mbuzi. Buku latsopano muli masamba awiri okha, a mankhwala a BP.

Kodi kalata ya kuchipatala chaching'ono ingakwane, kapena mpaka ya dokotala wa ku boma? Nanga madandaulowo amakatula kwa ndani?

Mai a Mapasa, Bangula:
Pepani achemwali. Yambani ndi komiti yomva madandaulo ya m'dera lanulo, koma osangolankhula pakamwa. Lembani, ndipo alembe m'kaundula mwawo inu mukuona. Zapakamwa zimauluka ndi mphepo. Zikakanika pamenepo ndiye mupite kwa a Social Welfare ku Nsanje boma.

Mphunzitsi Wopuma:
Mumvetse kaye kumene nkhani yagona. Malamulo amene akhala akutsatidwa amaona zinthu ziwiri: banja likhale losaukitsitsa, komanso losowa wogwira ntchito. Amawerenga anthu a zaka 19 mpaka 64 amene angathe kugwira ntchito, ndiye aone kuti aliyense akusenza anthu angati. Akapitirira atatu, banjalo limalowa m'gulu. Tsono kwanuko achimwene akawerengedwa amphamvu, ndi akulu awiri pa ana atatu, basi mwagwa. Akawerengedwa osatha ntchito, alamu anu okha akusenza anthu anayi. Ndiye musakapite ndi mawu oti tithandizeni ndife osauka, osauka ndi mudzi wonse. Mukanene kuti munalakwitsa polemba munthu mmodzi, konzani.

Ndikuchenjezeninso: akhala akutenga pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse, choncho ngakhale akonze sikuti mawa ndalama zayamba.

Wa ku Nchalo:
Mukutaya nthawi inu. Zimenezi amalowa ndi achibale a mafumu.

Mai a Mapasa, Bangula:
Si konse bambo. Apongozi anga analowa titadandaula, mfumu sitinaipatse ngakhale nkhuku.

Sisita Namwino:
Za kalatayo ndiyankhe ine. Buku lotayika lisakudetseni nkhawa, sitiroko sibisala. Dokotala akawayeza lero aona yekha kuti mkono sukufinya, mwendo ukukokedwa. Pitani nawo kuchipatala chachikulu cha boma, muwapemphe adutsenso kwa a physio, othandiza kulimbitsa ziwalo. Chimene anthu ambiri amalakwitsa n'kutenga kalata yongoti "anadwala sitiroko". Ena amadwala n'kuchira, kubwerera kumunda. Pemphani alembe zimene sangathe: kulima, kunyamula, kuyenda mtunda popanda wowagwira, komanso ngati vutoli ndi lokhalitsa. Pakhale dzina la wolemba, siginecha, tsiku ndi chidindo. Ngati mukukumbukira mwezi umene anagonekedwa, auzeni ayang'ane m'kaundula wa wodi.

Yeniyeniyo musapereke, perekani fotokope. Muiike m'jumbo, kwanuko madzi sachenjeza.

Mnyamata wa Kabaza:
Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lilowe, ndi wakuba ameneyo. Kudandaula ndi kwaulere.

Wobisa dzina:
Takhuta, zikomo nonse. Aphunzitsi mwanditsegula maso, ine ndimaganiza kuti nkhani ndi ya chifundo, osadziwa kuti ndi masamu. Vuto latsala ndi ulendo. Kuwakweza m'bwato mpaka ku Bangula pamafunika amuna awiri, ndipo pa njinga yamoto sakhazikika, amapendekera kumanja. Kodi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi sangalembe yekha?

Sisita Namwino:
Mlangizi angachitire umboni kuti amawadziwa, ndipo kalata yake muitenge, pamodzi ndi ya amfumu. Koma woyeza ziwalo ndi dokotala, ulendowo sungalephereke. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanapse, munthu wa BP ndi kutentha kwa kuchigwa sizigwirizana. Mankhwala amwe asananyamuke, buku latsopanolo likhale m'thumba.