Kodi misampha ya pa TV yogwirira achidyamakanda a pa intaneti ndi yololedwa?

Nangozo_ku_England:

Abale anga, ndithandizeni nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England. Lachiwiri lapitali nditaweruka, ndinadzera pa shopu kukagula mkaka ndi buledi, ndipo pamalo oimika magalimoto ndinapeza anthu ataunjikana. Pakati pawo panali bambo wina wa zaka za m'ma 50, atavala jekete ya kuntchito, m'manja atanyamula kajumbo ka chokoleti. Amuna anayi anali atamuzungulira, wina atamulozetsa foni kumaso, wina akuwerenga mokweza mapepala. Anali mameseji amene bamboyo ankalembera "mtsikana wa zaka 13". Sindingawabwereze pano, mawu ochepa amene ndinamvawo anandichititsa nseru. Koma mtsikanayo kunalibe. Amene ankayankha mamesejiwo anali munthu wamkulu wa m'gulu la amuna anayiwo, ndipo zonse zinkaonetsedwa pompopompo pa Facebook. Apolisi anabwera mochedwerapo n'kumutenga.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 13 zomwezo, ndiye mtima wanga unati zamukwana ameneyu. Koma Lachinayi mnzanga wa kuntchito, amene amakhala msewu umodzi ndi bamboyo, anandiuza kuti usiku womwewo anthu anakaswa mawindo a nyumba ya bamboyo. Mkazi wake anatuluka ndi ana awiri atavala zogonera, ndipo mpaka pano sanabwerere.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuonera pa YouTube pulogalamu yakale ya ku America ija, To Catch a Predator, imene mtolankhani Chris Hansen ankatulukira kukhitchini n'kumuuza munthu kuti akhale pampando. Ndiye ndikufunsa odziwa malamulo: ngati mwana weniweni palibe, munthuyo amamangidwa pa mlandu wanji? Kumutchera msampha chonchi khoti limavomera? Nanga kuonetsa nkhope yake kwa dziko lonse woweruza asanamve mlandu, pamenepo lamulo limati chiyani?

Chisale_wa_Malamulo:

Mayi Nangozo, mafunso anuwa ndi atatu osiyana, ndipo anthu ambiri amasokonezeka chifukwa chowaphatikiza.

Loyambalo ndi losavuta. Ku America ndi ku Britain komwe, kuyesa kuchita mlandu ndi mlandu kale. Khoti limayang'ana zimene munthuyo ankakhulupirira ndi zimene anachita. Ngati anauzidwa kuti akulankhula ndi mwana wa zaka 13, iye n'kupitiriza kulemba zolaula, n'kupangana malo, n'kukwera galimoto kupita komweko, kunena kuti "mwanayo kunalibe" sikumupulumutsa. Mbava ikapisa dzanja m'thumba lopanda kanthu, yayesabe kuba. Ku America lamulo la boma lalikulu loletsa kunyengerera mwana pa intaneti, 18 U.S.C. 2422(b), limatchulanso woyesa chabe, ndipo chilango chake chimayambira zaka 10 m'ndende. Kumene muliko kuli Sexual Offences Act ya 2003, ndipo kuyambira 2017 kungotumizira mwana wosakwana zaka 16 uthenga wa zogonana ndi mlandu pawokha.

Funso lachiwiri ndi limene maloya amalimbana nalo, lotchedwa entrapment, kutanthauza kuti boma lamukankhira munthu mu mlandu umene payekha sakanauchita. Chitsanzo chodziwika ndi mlandu wa Jacobson wa mu 1992. Nthambi za boma la America zinatha miyezi 26 zikumutumizira bambo wina wa ku Nebraska makalata a mabungwe abodza, mpaka iye anaitanitsa magazini ya zithunzi zolaula za ana. Khoti lalikulu la dzikolo linathetsa chigamulo chomupeza wolakwa, ponena kuti boma silinaonetse kuti maganizowo anali nawo kale lisanayambe kumunyengerera. Kusiyana kwake ndi uku: kuika nyambo n'kudikira ndi kololedwa, koma kumukakamiza munthu nyamboyo kukamwa ayi. N'chifukwa chake bungwe la Perverted-Justice, limene anthu ake ankadzitcha ana pa intaneti pogwira ntchito ndi NBC, wailesi ya kanema imene inkaonetsa pulogalamu ija, linkanena kuti anthu ake sayamba ndiwo kulankhula ndi munthu, amadikira kuti iye ayambe. Ndipo mukaonetsetsa, nyamboyo imatchula zaka zake koyambirira kwenikweni, kuti mawa kukhoti munthu asadzati sindinkadziwa.

Chinanso, chitetezo chimenechi chinapangidwira kuletsa boma, osati munthu wamba. Mtolankhani kapena gulu la anthu odzipereka likakutchera msampha palokha, kudandaula za entrapment n'kovuta kwambiri. Koma pulogalamu ija itayamba mu 2004 inalibe apolisi, anthu ankangochititsidwa manyazi n'kumapita kwawo. Apolisi atayamba kudikirira panja pa nyumba, funso linabadwa lakuti kodi anthu a TV ndi odzipereka aja tsopano sakugwira ntchito ngati nthumwi za boma?

Funso lanu lachitatu ndi lomwe lili ndi minga. Ndibweranso madzulo, panopa ndikuthamangira kukhoti.

Bambo_a_Chisomo_Joni:

Pepani achimwene a malamulo, ine sukulu yanuyo sindinapite, koma ndilankhule za mumtima. Mwana wa mlongo wanga kumudzi anamuononga munthu wamkulu, wodziwika bwino m'deramo, ali ndi zaka 14. Akuluakulu anakhala pansi, anati nkhani izi zithere pakhomo pano, zisatichititse manyazi. Munthuyo anapereka ndalama pang'ono, basi nkhani inatha. Mtsikanayo anasiya sukulu ali Fomu 1. Mwini wakeyo mpaka lero amakhala kutsogolo pa maliro ndi pa maukwati, anthu n'kumamupatsa mpando.

Ndiye mukandiuza kuti nkhope ya chidyamakanda isaonetsedwe, magazi anga amawira. Chimene chimawasunga anthu amenewa ndi chinsinsi. Kamera imang'amba chinsinsicho. Ine ndikaona munthu wotere akunjenjemera pa TV, ndimaganiza za mdzukulu wa mayi anga uja amene palibe anamuimira. Za mkazi ndi ana amene anawaswera mawindowo zandikhudza, iwo sanalakwe kanthu, ndipo oswawo amangidwe. Koma amene anabweretsa tsokalo pakhomo ndi bambo wawo.

Mlembi_Wakale:

Bambo a Chisomo, zimene zinamuchitikira mwana wa mlongo wanu ndi zopweteka, ndipo mkwiyo wanu ndi woyenera. Ine ndinagwirapo ntchito ya utolankhani zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni zimene zinachitika m'tauni ya Murphy ku Texas, chifukwa mpamene ndinasinthira maganizo anga pa pulogalamu imeneyi.

Munali mu November 2006. A NBC anakonza nyumba yawo ya msampha monga mwa nthawi zonse, makamera obisika paliponse, ndipo amuna oposa 20 anamangidwa. Koma panali mmodzi amene ankacheza pa intaneti ndi "mnyamata wa zaka 13" ndipo kunyumbako sanapite. Anali Louis Conradt, loya woimira boma pa milandu, wa zaka 56. Mwa malamulo a ku Texas macheza okhawo anali okwanira kumumanga, ndipo apolisi akanatha kumutenga mwakachetechete ku ofesi kwake m'mawa mwake. M'malo mwake, pa 5 November anapita kunyumba kwake ku Terrell ndi gulu la apolisi a zida zamphamvu la SWAT, makamera a Dateline, pulogalamu ya NBC imene inkaonetsa misamphayi, ali panja. Apolisi atalowa m'nyumba, iye anadziwombera ndi mfuti ndipo anamwalira.

Ena adzati wadziweruza yekha. Koma tamverani zotsatira zake. Mu 2007 mkulu woimira boma pa milandu m'chigawo cha Collin County, John Roach, anakana kupititsa kukhoti milandu 23 ya anthu amene anagwidwa pa msampha umenewo. Pa milandu yambiri anati macheza aja sanachitikire m'chigawo chake, ndiye analibe mphamvu yoizenga, ndipo pa ina anati palibe akanatsimikizira khoti kuti zolemba za macheza zinali zathunthu ndi zosasinthidwa. Dziko lonse linaona nkhope zawo, anthu anaombera m'manja, koma ku ofesi ya Roach milanduyo inafera pomwepo. Ngati pakati pa amuna amenewo panali wina amene anagwirapo kale mwana weniweni, msamphawo sunamuchotse m'mudzi.

Mchemwali wake wa Conradt anasumira NBC, kufuna chipukuta misozi cha madola 105 miliyoni. Mu February 2008 woweruza Denny Chin ku New York analola kuti mbali ina ya mlanduwo ipitirire, ponena kuti khoti likhoza kupeza kuti NBC inadumpha malire a utolankhani wabwino n'kulowerera mosasamala ntchito ya apolisi. Miyezi ingapo pambuyo pake anagwirizana kunja kwa khoti, ndipo ndalama zake sizinaululidwe. Pofika nthawi imeneyo misampha yatsopano inali italekeka kale, yomaliza inaonetsedwa mu 2007.

Chimene chimandivuta ine monga mtolankhani ndi ndalama. NBC inkalipira Perverted-Justice. Ndiye wotchera msampha akulandira ndalama kwa wojambula, wojambula akufuna oonera ambiri kuti otsatsa malonda alipire, wapolisi naye akudziwa kuti aoneka pa kanema. Onerani bwino zigawo zija, mayi Nangozo: munthu akutuluka m'nyumba manja ali m'mwamba, alibe chida, koma apolisi angapo akumugwetsera pansi atamuloza mfuti. Zija zinali za kamera. Ndipo Chris Hansen akamamufunsa munthu kukhitchini kuja, apolisi ali panja akudikira, munthuyo anali asanauzidwe za ufulu wake wokhala chete kapena wopeza loya. Maloya oteteza amakakamira pa zinthu ngati zimenezi, ndipo amene amavutika nazo kukhoti ndi woimira boma, wa TV atapita kale kukajambula kwina.

Chisale_wa_Malamulo:

Ndabweranso. A Mlembi anena zambiri zimene ndikananena, ndingowonjezera za kumene kuli mayi Nangozo.

Ku Britain nkhani ya magulu otere inafika ku Supreme Court, khoti lalikulu la dzikolo, mu July 2020, pa mlandu wa Sutherland wochokera ku Scotland. Munthuyo ankatumizirana mameseji ndi wamkulu wa gulu la Groom Resisters Scotland amene ankadzitcha mnyamata wa zaka 13, ndipo anakumana naye pa siteshoni ya Partick ku Glasgow. Iye anadandaula kuti kugwiritsa ntchito mamesejiwo ngati umboni kunaphwanya ufulu wake wa chinsinsi. Oweruza onse anakana. Anati mameseji onyengerera mwana si chinthu chimene ufulu umenewo umateteza, ndipo sakanayembekezera kuti wolandirayo awasunga mwachinsinsi. Choncho umboni wa maguluwa umalandiridwa.

Koma chigamulocho chinali cha umboni, sichinawapatse chilolezo chochita chilichonse. Kumugwira munthu mopyola muyezo, kumumenya, kumuopseza kuti apereke ndalama, yonseyo ndi milandu. Munthu akangomangidwa, lamulo la Contempt of Court Act la 1981 limaletsa kufalitsa zinthu zimene zingasokoneze kwambiri kuzenga mlandu mwachilungamo, ndipo kanema amene anthu masauzande agawana ndi mphatso kwa loya wake. Palinso vuto limene apolisi amadandaula nalo kawirikawiri: munthu akadziwa kuti waululika, kapena anzake akaona kanemayo, mafoni ndi makompyuta amafufutidwa apolisi asanafike, ndipo mmenemo ndi mmene mukanapezeka mayina a ana enieni. Nanga akaloza munthu wolakwika? Ku Arnhem m'dziko la Netherlands, mu October 2020, mphunzitsi wopuma wa zaka 73 anamwalira atamenyedwa ndi achinyamata amene anamukopa pa intaneti potengera misampha yotereyi.

Bambo a Chisomo, za kwathu ndinene izi. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imati woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika pamsika munthu akangokuwiridwa kuti wakuba. Kanema wotere atazungulira pa WhatsApp kwathu kuno, apolisi akhoza kukapeza mtembo. Koma mlandu wa mwana wa mlongo wanu akuluakulu analibe mphamvu youthetsa. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma, ndipo ndalama imene anaperekayo siufufuta. Ngati mtsikanayo ali wokonzeka, angathe kupita ku Victim Support Unit pa polisi ya kwanuko, kapena kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Bambo_a_Chisomo_Joni:

Za milandu 23 ija sindinkazidziwa, zandiwawa. Pa za kamera sindinagonje kwenikweni, chifukwa popanda manyazi anthu ena sasiya. Koma mlongo wanga ndimuimbira Loweruka, ndimufunse kaye mwanayo ngati akufuna kuti nkhaniyi idzuke. Pano ali ndi zaka 17.

Nangozo_ku_England:

Zikomo kwambiri nonse, a Chisale ndi a Mlembi mwandimasula. Kanema wa Lachiwiri uja anthu ananditumizira kanayi pa gulu la kutchalitchi, ndipo ndawapempha kuti asiye kumugawa poti mlandu uli m'manja mwa apolisi.

Dzulo usiku ndinakhala pansi ndi mwana wanga pabedi pake. Sindinamulande foni, ndinangomufunsa ngati pali munthu wamkulu amene anamulemberapo. Anakhala chete kanthawi, akusewera ndi chingwe cha chaja, kenako anandionetsa. Pali wina amene anakumana naye mu gemu, amati ali ndi zaka 15, ndipo kwa milungu itatu wakhala akumupempha kuti asamukire pa app ina yoti mameseji amafufutika okha, komanso kuti asandiuze. Mwanayo anali asanavomere, koma ankaopa kuti ndikadziwa ndimukalipira.

Manja anga ankanjenjemera, ndipo kunena zoona ndinaganiza zotenga foniyo n'kumuyankha ndekha ngati ndine mwanayo, kuti ndimukokere poyera. Ndinakumbukira za umboni zimene mwanena zija, ndiye sindinamuyankhe ngakhale liwu limodzi. Tinajambula macheza onse ndi dzina limene amagwiritsa ntchito, sitinafufute kanthu, ndipo ndinadzaza fomu pa webusaiti ya CEOP, nthambi ya National Crime Agency yoona za ana. Mwanayo anagona kuchipinda kwanga. Lero ndapempha kuntchito kuti andisinthire shifiti, ndikhale pafupi ndi foni podikira kuti andiimbire.