Zithunzi za maluwa a pa Phiri la Zomba zikukwera zopanda malo pa iNaturalist

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu akuluakulu odziwa za zomera.

Ndimajambula maluwa ndi mbalame pa Phiri la Zomba, m'udzu wa pamwamba paja mukadutsa damu la Mulunguzi kulowera ku Chingwe's Hole, n'kumaziika pa iNaturalist, pulogalamu yoikapo zithunzi za zomera ndi nyama kuti odziwa azitchule mayina. Vuto ndi lakuti zithunzi zambiri zikukwera zopanda malo amene ndinazijambulira. Zikatero zimangogwera ku Casual, gulu la zithunzi zosakwanira pa kafukufuku, ndipo odziwa mayina sazilabadira.

Netiweki kumtundako ndi yovuta, ndiye ndimakweza zithunzi ndikatsikira m'tauni. Foni yanga ndi ya Android, yakaleko ndithu. Ndayatsa GPS, kamera ndaipatsa chilolezo chosunga malo, pulogalamuyo ndaichotsa n'kuiikanso, koma ayi ndithu. Ndayesanso kuloza malo pamapu ndi chala, koma nkhungu ikakuta udzu umangofanana ponseponse, ndipo zongoganizira sindizifuna chifukwa wofufuza adzazitenga ngati zoona.

Zimene zikundiwawa kwambiri ndi ma orchid a pansi amene amaphuka nthawi ya dzinja, ena timaluwa take n'tating'ono ngati chikhadabo, obisala m'udzu wonyowa. Dzinja likapita muyiwale, mudikire chaka chamawa.

Kodi ndichite chiyani kuti malo azisungika ngakhale popanda netiweki? Nanga ma orchid amenewa ndiziika pa Obscured (kubisa malo ake enieni) kuopa okumba mizu yake, kapena zimenezo zimasokoneza ofufuza? Ndipo amene munapitako ku National Herbarium, kosungira ndi kufufuza zomera kuno ku Zomba, chithunzi chokha chimakwanira kuti akuuzeni dzina la chomera?

Zikomo kwambiri.