John Proctor anafera chilungamo kapena kunyada?

Mphunzitsi_Ngabu:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu pathu kuno ku Ngabu, teremu ino tikuyeserera The Crucible, sewero la Arthur Miller la 1953, tikumasulira tokha pang'onopang'ono. Amene simunaliwerenge, ndi nkhani ya milandu ya ufiti ku Salem ku America mu 1692, atsikana anayamba kuloza anthu kuti ndi afiti khoti nkumakhulupirira, wovomera amamusiya ndi moyo wokana amamunyonga. John Proctor ndi mlimi wapabanja koma anagonapo ndi wantchito wawo Abigail, yemweyo ndi amene akutsogolera atsikana olozawo. Kumapeto akumuuza asaine kuti ndi mfiti apulumuke, wasaina ndithu, koma posafuna kuti pepalalo likakhomedwe pachitseko cha tchalitchi akuling'amba nkupita kukanyongedwa.

Dzulo tikuyeserera pansi pa mtengo wa nimu, mnyamata amene akusewera Proctor anaima pepala lili m'manja thukuta lili kamukamu nkundifunsa kuti "Sala, dzina lake liti loti alifere poti munthuyu ndi wachigololo kale? Ana akewo adya dzina?" Ndinasowa chonena ndipo usiku sindinagone bwino. Inu mukanamuyankha bwanji?

MaiakeChisomo:
Aphunzitsi mwanayo wafunsa zoona. Ine ndine mayi, ndikaona bambo akusiya ana atatu ndi mkazi woyembekezera chifukwa cha kapepala mtima umandiwawa. Ndipo tisaiwale anayambitsa ndani, Abigail msewerolo ndi mtsikana wa zaka 17, wantchito m'nyumba mwake, iye munthu wamkulu. Kuno ku Nchalo tawaona atsikana otere, zikaululika wothamangitsidwa ndi mtsikana bambo nkumakhalabe kutsogolo kutchalitchi. Nanga anachedweranji kukaulula kukhoti? amateteza dzina lomwelo anthu akumangidwa. Kwa ine kumeneko nkunyada basi.

Bambo_aku_Bangula:
Mayi zakuchedwazo sindikutsutsani, analakwa. Koma zapepalazo ndiloleni ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa. Ndili mwana agogo anga aakazi anawanena kuti akuphunzitsa ana ufiti, kamwana kena kananena kuti amakatenga usiku palichero. Anawakhazika pabwalo dzuwa lili paliwombo, anthu atazungulira, aliyense akukuwa kuti angovomera zithe. Amalume anawagwadira akulira kuti mayi vomerani tizipita kunyumba. Agogo anangomanga chitenje chawo nkunena kuti ndikavomera mundifunsa kuti ndimatamba ndi ndani, ndiye nditchule ndani? Pamenepo mpamene pagona nkhani. Wovomera ufiti samusiya asanatchule anzake, ndipo mawa ana ake ndi adzukulu ndife a kwa mfiti, pamjigo anthu amachotsa ndowa zawo ukafika. Anawagwetsera nyumba tinasamuka usiku, koma palibe nkhalamba ina inakokedwa chifukwa cha pakamwa pawo.

Proctor naye anamufunsa ngati anaona Rebecca Nurse, mayi wachikulire wopemphera amene nayenso anamuloza ufiti, ali ndi satana, anakana. Dzina lake likanakhomedwa pachitseko paja mudzi wonse ukanati eya ufiti ulipodi, amene akunyongedwawo akuyenera. Siginecha ija inali chingwe cha anzake.

Che_Fatsani:
Ndiwonjezereko pang'ono. Ku Salem kwenikweniko ananyonga anthu 19, mkulu wina dzina lake Giles Corey anamupsinja ndi miyala mpaka kufa chifukwa chokana kuyankha mlandu. Proctor weniweni anali wa zaka pafupifupi 60 ndipo Abigail anali kamwana ka zaka 11 kapena 12, zachibwenzizo anaikamo ndi Miller. Ndiye dzifunseni anaikiramo chani. Ine ndimaona kuti amafuna munthu wodetsedwa ngati ife tomwe, chifukwa akanakhala woyera ngati Rebecca tikanati ah ameneyo ndi wa Mulungu ife sitingathe. Proctor amadziona wachabechabe, mpaka abusa Hale atamufunsa malamulo khumi loiwala lake linali la chigololo lomwelo. Pomaliza akupeza kanthu kamodzi kamene sanakaipitse ndiye akukakamira pamenepo. Mwini wake Miller mu 1956 anaitanidwa ndi komiti ya aphungu a ku America yofufuza za chikomyunizimu ndipo anakana kutchula maina a anthu ena. Ndipo aphunzitsi muwauzenso anawo kuti kwathu kuno lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ambiri sadziwa.

MaiakeChisomo:
Bambo a ku Bangula pepani kwambiri ndi za agogo, zandikhudza. Zotchula anzake sindinaziganizire. Komabe Elizabeth, mkazi wa Proctor, musamuiwale, mayi amene sananamepo anakanama kukhoti kuti mwamuna wake sanachite chigololo pofuna kumuteteza, osadziwa kuti iye waulula kale. Mtengo wa dzina limenelo analipira awiri.

Mphunzitsi_Ngabu:
Zikomo nonse. Bambo ngati mungalole, Lachisanu ndikawawerengera ana nkhani ya agogo anu osatchula mudzi, kenako ndimupatsenso mnyamata uja pepala lija tibwereze gawo lomaliza. Mtsikana amene akusewera Elizabeth ndimuuza aime pafupi pomwe, amuyang'ane akamaling'amba.