Chisoti chokhala ndi ma indiketa: n'chothandiza kapena ndi chidole chabe?

Kadzidzi150:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayenda pa njinga ya 150cc, ndipo masiku ambiri ndimaweruka kuntchito kutada kale. Lachiwiri lapitali ndinapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ndinayatsa indiketa kuti ndikhote kumanja, ndachepetsa liwiro bwinobwino, ndinangomva mabuleki a lole akulira kumbuyo kwanga, mphepo yake mpaka kundikankha paphewa. Dalaivala anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti sindinasonyeze kuti ndikukhota. Ndinapsa mtima, koma nditafika kunyumba ndinaimika njinga, kuyatsa indiketa ija, ine n'kukaima pampando chapatali kuti ndione ngati mmene amaonera munthu wa mu lole. Bambo aja sananame ayi. Kanyali kake n'kochepa ngati bokosi la machesi, kali pansi, ndiye bokosi la katundu lomwe ndinamangirira kumbuyo limakaphimba theka.

Pa intaneti ndaona zisoti zokhala ndi timagetsi ta LED kunkhongo, tosonyeza muvi wa kumanja kapena kumanzere. Maganizo anga ndi akuti mutu ndiwo uli pamwamba, pomwe maso a madalaivala amafika msanga. Alipo amene anagwiritsapo ntchito? Batire yake imakhalitsa? Nanga chisoticho chimatetezabe mutu?

Mbiya_Zakale:

Achimwene, ine ndinayenda nako kachipangizo kotere miyezi isanu ndi iwiri, kochita kumata kumbuyo kwa chisoti. Choyamba funsani kuti nyalizo zimayatsidwa ndi chiyani, chifukwa mitundu ilipo iwiri. Wina uli ndi kabatani kakekake komangirira pa handulo. Wina uli ndi kabokosi kolumikiza ku mawaya a indiketa ndi a buleki pansi pa mpando, ndiye kamatumiza uthenga ku chisoti popanda waya.

Wa kabatani uja musagule. Ndi womwe ndinali nawo. Chala chachikulu chakumanzere chili kale ndi ntchito ya indiketa, hutala ndi kusintha magetsi, dzanja lomwelo likugwiranso kilatchi, ndiye muwonjezerenso batani lina? Tsiku lina mnzanga amanditsatira, titaima anafika akuseka mpaka misozi. Akuti njinga imati ndikupita kumanzere, chisoti chikulozabe kumanja kuchokera pa mphambano yomwe tinadutsa kalekale. Ine osadziwa kanthu, nanga munthu amaona kunkhongo kwake? Tinaseka, koma usiku umenewo ndinaganiza kuti akanakhala mlendo wa galimoto akanakhulupirira nyali iti.

China chomwe otsatsa malonda sanena: musanakhote mumacheuka kuti muone kumbuyo. Mukatero nyali zija zimaloza kumbali, pa nthawi yomwe zikufunika kwambiri. Za batire, kanga ndinkatchaja ndi USB kawiri pa sabata, ndipo tsiku lomwe waiwala ndi lomwe kukugwa mvula yamdima.

Sipanala10:

Bambo Kadzidzi, funso lanu lomaliza ndi lomwe linayenera kukhala loyamba. Zisoti zambiri zomwe zimatuluka mukasaka pa intaneti ndi za njinga yakapalasa. Lumos, yomwe inatchuka mu 2015 pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama zoyambitsira zinthu zatsopano, ndi ya akapalasa, zambiri za Livall chimodzimodzi. Ndi zabwino pa ntchito yake, koma sizinapangidwe kuti mutu umenye phula pa liwiro la makilomita 80 pa ola, komanso chibwano chili pamtunda.

Tembenuzani lamba wapakhosi muone kachizindikiro kosonyeza muyezo wa chitetezo womwe chisoti chinakwaniritsa. Cha ku Ulaya ndi E yokhala m'kabwalo, ndipo muyezo watsopano ndi ECE 22.06, womwe unalowa m'malo mwa 22.05. Watsopanowu amayesanso mmene mutu umapotokera chisoti chikamenya pansi chopendekeka, n'chifukwa chake chilichonse chotundumuka pa chisoti ndimachiyang'ana ndi diso lokayika: chikakola pansi, khosi ndi lomwe limalipira. Ku America amalemba DOT, chizindikiro cha muyezo wawo, kumbuyo kwa chisoti, koma dziwani kuti kumeneko wopanga ndi amene amadzichitira umboni yekha, ndipo zomata zabodza zilipo zambiri.

Chomwe chimapulumutsa ubongo ndi thovu loyera lolimba lija lili mkati, EPS. Limaphwanyika kuti inu musaphwanyike. Ngati wina analikumba kuti alowetsemo batire ndi mawaya, ndipo chisoticho sichinayesedwe chili choncho, pamenepo patsala chigoba chokha. Ndipo chonde musaboole chisoti chanu ndi dirilo kuti mumangepo nyali, ndinaonapo munthu atachita zimenezo ndi mabauti awiri oloza ku mutu.

Maganizo oti nyali yapamwamba imaoneka msanga si olakwika. Nyali yachitatu ya buleki pa magalimoto inakhala lamulo ku America kuyambira magalimoto a 1986 pa chifukwa chomwecho. Koma onani kuti ndi ya buleki. Kusonyeza mbali kumafuna mpata pakati pa nyali ziwiri, ndipo chisoti m'lifupi mwake sichifika ngakhale masentimita 30. Munthu ali patali usiku amangoona chinthu chikuphethira, kaya n'kumanja kaya n'kumanzere. Ngati mukufuna nyali pamutu, yabwino ndi yofiira ya buleki, monga Brake Free, yomwe imadzimvera yokha kuti liwiro likutsika, ngakhale mwangotsitsa giya osagwira buleki. Malamulo a nyali zovala pathupi amasiyana dziko ndi dziko, ndiye muyambe mwafunsa.

NaMaliro_pa_Honda:

Ine langa ndi limodzi. Mumanyamula munthu kumbuyo? Mukatero nyali yonseyo imathera pamaso pake. Amuna anga anagula, ine ndinapirira masiku atatu basi, lachinayi ndinawauza kuti asankhe, nyali kapena ine.

Kadzidzi150:

Hahaha, mayi, mwandikumbutsa, Loweruka ndimawanyamula akunyumba. Zikomo nonse. A Sipanala, ndayang'ana lamba wa chisoti changa, pali E ndipo nambala yake ikuyamba ndi 05, ndiye ndi cha muyezo wakale uja. Nanga pa njinga penipenipo ndichitepo chiyani?

Sipanala10:

Cha 05 ndi chovomerezeka ndithu, bola chisakhale choti chinagwapo mwamphamvu kapena chapitirira zaka zisanu mukuchivala tsiku ndi tsiku. Pa njinga, yambani ndi bokosi lija: likwezeni, kapena ikani ma indiketa ena awiri achikasu m'mbali mwake, olumikiza ku mawaya omwewo kuti aziyaka ndi switchi imodzi. Tsukani magalasi a nyali, amadzaza fumbi mkati. Mukasintha mababu kuika a LED, gulaninso rilee ya LED, kachipangizo komwe kamaphethiritsa ma indiketa, apo ayi ziziphethira mothamanga ngati zapenga, pomwe zimayenera kuphethira ka 60 mpaka 120 pa mphindi. Mukamaliza kakwereninso pampando paja, wina akuyatsireni, mudzatiuze zomwe mwaona.