Magemu 20 angatiuze kuti injini ya tchesi iyi ndi yamphamvu?

Mphangwe_Yeoville:
Akuluakulu, thandizeni. Anyamata osewera tchesi ku Joubert Park akukangana. Injini ziwiri (mapulogalamu a kompyuta osewera tchesi) zasewera magemu 20 pa laputopu, imodzi yapeza mapointi 12, inzake 8. Kodi tinganene kuti yopambanayo ndi yamphamvu?

Kabaza64:
Ayi achimwene, sizinakwane. Mapointi 12 pa 20 ndi 60 peresenti, kusiyana kwa Elo (muyeso wa mphamvu za osewera tchesi) pafupifupi 70. Koma ngati theka la magemuwo ndi olepherana, chiwerengerocho chimatha kuphonya ndi Elo 110 uku kapena uko. Ndiye kuti yogonjayo ikhoza kukhala ndiyo yamphamvu, yangosowa mwayi. Pa magemu 100 kuphonyako kumatsika kufika pa 50, pa magemu 1,000 pafupifupi 15. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka, magemu muwachulukitse kanayi. Mukafuna kuona kusiyana kwa Elo 10, konzekerani magemu oposa 2,000.

MayiWaKuRandburg:
Zoona, koma kuchuluka kokha sikuthandiza ngati makonzedwe ali opotoka. Gwiritsani ntchito cutechess-cli, pulogalamu yoseweretsa injini, muike fayilo ya ma opening (mayambidwe a gemu) osiyanasiyana. Opening iliyonse iseweredwe kawiri, injini iyi itenge zoyera, kenako zakuda. Mukapanda kutero, injini zimangobwereza gemu imodzimodzi, magemu 200 n'kukhala ngati asanu. Hash (memori imene injini imagwiritsa ntchito) ikhale yofanana, threads (zigawo za prosesa zimene injini yapatsidwa) zofanana, ponder (kuganiza pa nthawi ya mdani) muzimitse kuti ina isamabe mphamvu ya prosesa pa nthawi ya inzake.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kutentha. Laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro, ndipo magetsi akathima n'kuyamba kudya batire, imachedwanso. Tsegulani fayilo ya PGN, momwe magemu amalembedwa, muwerenge magemu otha chifukwa nthawi yatha. Akachuluka, zotsatirazo tayani.

Kabaza64:
Amayi anena zoona. Onaninso anthu opanga injini ya Stockfish: pa Fishtest, pomwe amayesera injini yawo, saikiratu chiwerengero cha magemu. Amagwiritsa ntchito SPRT, njira ya masamu yomwe imaimitsa mpikisano umboni ukakwana, ndipo kasinthidwe kamodzi ka injiniyo kamadya magemu masauzande ambirimbiri. Amayamba ndi masekondi 10+0.1 (masekondi 10 pa gemu, kuonjezera 0.1 pa kusuntha kulikonse), kakapambana n'kukayesanso pa 60+0.6, chifukwa chopambana pa gemu yothamanga nthawi zina chimafooka pa yaitali. Ngakhale fainolo ya TCEC, mpikisano wa injini za tchesi, ya magemu 100, imatipatsa katswiri wa sizoni imeneyo basi.

Mphangwe_Yeoville:
Zikomo akuluakulu. Ndiwauza aisiye laputopuyo usiku wonse, fani ili pambali.